Nkhalango yoimirira ndi munthu wosauka amasowa pa tsamba limodzi

Funso: Ndikuchita maphunziro a zachuma, ndili chaka chachiwiri. M'kalasi timaphunzira kuti choyamba ndi kukuza chuma cha dziko, za kagawidwe zimabwera pambuyo, ndipo za chilengedwe zili m'kamutu kamodzi chakumapeto kwa buku. Mnzanga wina akuti maphunziro onsewa ndi bodza lotumikira olemera. Wina akuti yankho n'lapafupi: tingoika mtengo wa ndalama pa nkhalango, mitsinje ndi mpweya, zotsalazo msika ukonza wokha. Ndimvere uti? Kodi maphunzirowa ndipitirize?

Yankho: Pitirizani, musawasiye. Ndayamba ndi mawu amenewa chifukwa ndaona ophunzira anzeru akutuluka m'kalasi atakhumudwa ndi mafunso ngati anuwa, ndipo amene amatsalamo kawirikawiri ndi aja amene mafunsowa sawasowetsa tulo. Koma kupitiriza sikutanthauza kumeza chilichonse chimene mwapatsidwa. Anzanu awiriwo aliyense wagwira chinthu chenicheni, kungoti palibe amene wagwira chonse.

Mfundo yanga ndi imodzi. Nkhani ya olemera ndi osauka ndi nkhani ya chilengedwe, zimene buku lanu laziika motalikirana, zimaphuka pa muzu umodzi. Sikelo imene timayezera zinthu m'maphunzirowa ndi ndalama imene munthu angathe kutulutsa m'thumba. Pa sikelo imeneyi chinthu chosagulitsidwa sichilemera kanthu, ndipo chofuna cha munthu wopanda ndalama chimapepuka ngati nthenga. N'chifukwa chake nkhalango yoimirira ndi munthu wosauka amene amadalira nkhalangoyo amasowa limodzi m'mawerengero athu.

Tiyambire pa GDP, muyeso wa mtengo wa katundu ndi ntchito zonse zimene dziko lapanga pa chaka, poti ndiyo imene ili pakamwa pa aliyense. Si yakale monga ambiri amaganizira. Mu 1934, dziko la America lili pakati pa mavuto aakulu a zachuma, Simon Kuznets anapereka ku nyumba ya malamulo ya dzikolo lipoti lowerengera ndalama zonse zimene dziko limapanga pa chaka. Boma linkafuna kudziwa kuti chuma chatsika motani, ndipo pa ntchito imeneyo chida chakecho chinali chabwino, chidakali chabwino mpaka lero. Koma m'lipoti lomwelo Kuznets anachenjeza kuti moyo wabwino wa anthu sungadziwike pongoyang'ana chiwerengero chimenechi. Chenjezolo linatsala m'kabati. Mu 1953 bungwe la United Nations linatulutsa malamulo a kawerengedwe kake, ndipo posakhalitsa mayiko onse anayamba kuyezedwa ndi muyeso umodzimodzi.

Vuto la muyesowu aliyense amene anachitapo geni amalidziwa. Pali phindu, pali mpamba. Wamalonda amene wagulitsa mashelefu ndi chitseko cha sitolo yake n'kumati mwezi uno zandiyendera, tonse timadziwa kuti wayamba kudya mpamba. GDP imawerenga zimene zadutsa pa msika chaka chino, siifunsa zimene zatsala. Nkhalango ikagwetsedwa, matabwa amalowa m'buku ngati ndalama zopeza, koma kutha kwa nkhalangoyo sikulowa paliponse. Makina a m'fakitale akamatha, owerengera ali ndi mzere wochotserapo. Nthaka ikamakokoloka, kwa zaka zambiri panalibe polemba.

Mu 1989 Robert Repetto ndi anzake a bungwe la World Resources Institute anawerengeranso chuma cha Indonesia. Mabuku a boma ankaonetsa kuti pakati pa 1971 ndi 1984 chinkakula ndi 7.1 peresenti pa chaka. Atachotsera mafuta a pansi amene anapopedwa, mitengo imene inadulidwa ndi nthaka imene inakokoloka, anatsala ndi 4 peresenti. Apotu anachotsera zinthu zitatu zokha. Chilumba cha Nauru cha m'nyanja ya Pacific ndiye chinafika nazo pothera. M'zaka za m'ma 1970 anthu ake ankawerengedwa m'gulu la olemera kwambiri padziko, chifukwa cha miyala ya fosifeti yopangira feteleza. Miyalayo itatha, pafupifupi magawo anayi mwa asanu a chilumbacho anatsala ali maenje ndi miyala yosongoka, posamera mbewu. Zimene mabuku ankati ndi ndalama zopeza kunali kugulitsa chilumba chenichenicho, sitima ina ikuchoka ina ikubwera.

Dziko lonse lapansi likuchita zofananazo, pang'onopang'ono chabe. Mu 2021 unduna wa zachuma wa ku Britain unatulutsa lipoti limene analemba Partha Dasgupta wa ku yunivesite ya Cambridge. Linaonetsa kuti pakati pa 1992 ndi 2014, chuma chomangidwa ndi manja, monga misewu, nyumba ndi makina, chinawirikiza kawiri pa munthu aliyense, maphunziro ndi thanzi la anthu zinakwera ndi 13 peresenti, pamene chuma cha m'chilengedwe chinatsika ndi pafupifupi 40 peresenti pa munthu aliyense. Onani kuti amene anaitanitsa lipotili ndi unduna wa zachuma, osati wa zachilengedwe.

Herman Daly, amene anagwira ntchito ku World Bank kuyambira 1988 mpaka 1994, anasimba nkhani imene ine sindiiwala. Pokonza lipoti la bankiyo la 1992 lokhudza chitukuko ndi chilengedwe, panajambulidwa bokosi lolembedwa kuti chuma, kamuvi kena kakulowa, kena kakutuluka. Daly anafunsa kuti zolowazo zikuchokera kuti, zotulukazo zikupita kuti, n'kupempha kuti ajambule bokosi lalikulu lozungulira laling'onolo, alilembe kuti chilengedwe. Pa kukonza kwachiwiri bokosi lalikulu linabwera, koma lopanda dzina. Pa kukonza kwachitatu chithunzi chonse chinachotsedwa. Sikuti anthuwo anali oipa mtima. Mukangojambula chuma mkati mwa chinthu chokhala ndi malire, funso lina limabwera lokha: bokosi laling'onoli lingakule kufika pati? Ndipo funso limenelo linalibe malo m'maphunziro amene iwo anaphunzira.

Mwina mukuganiza kuti izi ndi nkhani za anthu okonda mbalame ndi maluwa. Tamvani za miimba ya ku India. Mbalamezi zinalipo mamiliyoni, ndipo ntchito yake inali kudya ng'ombe zakufa. Palibe ankazilipira, palibe ankazigula, choncho m'mabuku a chuma cha dziko zinalibe mzere. Chapakati pa zaka za m'ma 1990 mankhwala ochepetsa ululu otchedwa diclofenac anatsika mtengo, alimi n'kuyamba kubaya nawo ziweto. Muimba ukadya nyama ya ng'ombe imene inabayidwa mankhwalawa, impso zake zimaleka kugwira ntchito. Pa zaka pafupifupi khumi mbalamezi zinachepa ndi 95 peresenti ndi kuposerapo. Mitembo ya ziweto inayamba kuwolera poyera, madzi anaipa, agalu oyendayenda anachuluka, chiwewe n'kuchuluka nawo. Mu 2024 akatswiri awiri a zachuma, Eyal Frank ndi Anant Sudarshan, atayerekeza maboma amene munali miimba yambiri ndi amene munalibe, anapeza kuti kutha kwa mbalamezi kunawonjezera imfa za anthu pafupifupi 500,000 pakati pa 2000 ndi 2005. Boma linaletsa mankhwalawa pa ziweto mu 2006. Pa zaka zonsezo botolo lililonse la mankhwala logulitsidwa linkakweza GDP. Ndipo dzifunseni kuti ankamwa madzi oipawo ndi kulumidwa ndi agaluwo ndani. Si amene angathe kugula madzi abwino ndi kuthamangira ku chipatala cholipira.

Tsopano za kagawidwe. Zimene mukuphunzira zakuti kukula kutsogole, kugawana kudze pambuyo, nazo zili ndi mbiri yake, ndipo zimabwereranso kwa Kuznets yemweyo. Mu 1955 iye analemba kuti dziko likamatukuka, kusiyana pakati pa olemera ndi osauka kumayamba kwakwera, kenako kumatsika. Ziwerengero zake zinachokera makamaka ku America, England ndi Germany, ndipo iye mwini anavomereza kuti pa zimene analembazo umboni ndi magawo asanu okha pa 100, zotsalazo ndi zongoganizira. Komabe maganizowo anakoma m'makutu mwa maboma, chifukwa ankatanthauza kuti palibe chofunika kuchita, nthawi ikonza yokha. Mu 1975 Arthur Okun anayerekeza kutenga ndalama kwa olemera kupatsa osauka ndi kutunga madzi ndi ndowa yodontha: ena amatayika panjira, choncho muyenera kusankha pakati pa chilungamo ndi kukula kwa chuma. Pofika 2004 Robert Lucas, amene analandirapo mphoto ya Nobel, anafika polemba kuti mwa zizolowezi zowononga maphunziro a zachuma, chokopa kwambiri ndiponso chapoizoni kwambiri ndi kulimbana ndi mafunso a kagawidwe.

Zimene zinachitika sizinatsatire chiphunzitsocho. Kuyambira cha m'ma 1980 kusiyana kunayambanso kukwera m'mayiko angapo olemera, makamaka America ndi Britain. Thomas Piketty ndi anzake anafukula mabuku a misonkho a zaka zoposa 100 n'kuonetsa kuti kutsika kwa kusiyanaku kumene kunachitika chapakati pa zaka za m'ma 1900 sikunali lamulo la chitukuko. Kunabwera chifukwa cha nkhondo ziwiri zimene zinawononga chuma cha olemera, misonkho yokwera ndi mphamvu ya mabungwe a anthu apantchito. Zinthu zimenezi zitasintha, kusiyana kunabwerera. Akatswiri amatsutsana pa kukula kwenikweni kwa ziwerengero zina, ndipo mkanganowo ndi woyenera kuutsatira. Koma chithunzi chachikulu sichikayikitsa. Lipoti la 2022 la bungwe lofufuza za kusiyana kwa chuma la World Inequality Lab linapeza kuti anthu 10 pa 100 olemera kwambiri ali ndi 76 peresenti ya chuma chonse cha mabanja padziko, pamene theka losauka kwambiri la anthu lili ndi 2 peresenti. Ndowa ya Okun nayo inayesedwa. Mu 2014 akatswiri a bungwe la IMF, Jonathan Ostry, Andrew Berg ndi Charalambos Tsangarides, anapeza kuti mayiko amene kusiyana kuli kochepa amakula msanga komanso kwa nthawi yaitali, ndipo kugawana kudzera m'misonkho, pokhapokha kutapyola muyeso, sikubweza chuma m'mbuyo.

Pamene nkhani ziwirizi zimakumanira ndi pa lamulo limene mwina mwaliphunzira kale osaliyang'anitsitsa. Mu 1939 Nicholas Kaldor ndi John Hicks anapereka njira yoweruzira ngati ntchito ina ili yopindulitsa dziko: ngati opindula angathe kulipira otayawo n'kutsalabe ndi kenakake, ntchitoyo ndi yabwino, ngakhale asalipire n'komwe. Pafupifupi kuwerengera konse koyerekeza phindu ndi zotayika, kumene maboma amachita asanamange damu, mgodi kapena msewu, kwaima pa lamulo limeneli.

Tiyerekeze. Pali dambo limene mabanja 1,000 amapezamo nsomba, udzu ndi msipu wa ziweto, zokwana madola 200 pa banja pa chaka. Zonse pamodzi ndi madola 200,000. Kampani ina ikufuna kuliumitsa, ndipo ipindula madola 300,000 pa chaka. Pa pepala ntchitoyo yapambana ndi madola 100,000, wolemba lipoti asayina ndi mtima woyera. Koma ngati banja lililonse limapeza madola 800 pa chaka, ndiye kuti lataya gawo limodzi mwa anayi a moyo wake, pamene eni kampaniwo mwina sangazindikire n'komwe kuti awonjezera kanthu. Kuwerengerako kwatenga dola ya munthu wanjala ndi dola ya munthu wokhuta ngati zofanana. Amene amati kawerengedwe kameneka sikalowerera mbali akulakwitsa, chifukwa kunena kuti dola iliyonse ndi yofanana ndi chiweruzo kale, ndipo ndi chiweruzo chokomera amene ali ndi madola ambiri. Komanso madola 200 ajawo ndi ochepa chifukwa anthuwo ndi osauka. Dambo lomwelo likanakhala pafupi ndi nyumba za olemera, mtengo wake pa pepala ukanakwera kambirimbiri, nsomba ndi udzu zili zomwezo.

Izi si zongopeka za m'kalasi. Mu December 1991 Lawrence Summers, ali mkulu wa akatswiri a zachuma ku World Bank, anasayina kalata ya mkati mwa bankiyo yonena kuti pa kawerengedwe ka zachuma n'kwanzeru kusamutsira mafakitale onyansa ku mayiko amene malipiro ali otsika, ndi kuti mayiko a mu Africa okhala ndi anthu ochepa sanaipitsidwe mokwanira. Kalatayo itaululika mu 1992, iye anati mawuwo analembedwa ngati chipongwe chofuna kudzutsa mkangano. Kaya zinali choncho, chimene chimandivutitsa ine n'chakuti masamu akewo anali otsatira buku. Ngati mtengo wa matenda ndi malipiro amene wodwalayo wataya, ndiye kuti matenda a munthu wosauka ndi otsika mtengo. Mu 1995 panabukanso mkangano ku bungwe la IPCC lounika za kusintha kwa nyengo, pamene akatswiri ena anawerengera moyo wa munthu wa m'dziko lolemera pa mtengo woposa wa m'dziko losauka pafupifupi ka 15. Nthumwi za mayiko osauka zinakana, ndipo zinachita bwino.

Osauka ndiwo amadalira kwambiri zinthu zosadutsa pa msika. Kafukufuku amene anatsogolera Pavan Sukhdev, wa mu 2010, anapeza kuti ku India, Indonesia ndi Brazil zochokera m'nkhalango, m'madzi ndi m'nthaka zimapanga pakati pa 47 ndi 89 peresenti ya zimene mabanja osauka akumidzi amapeza, ngakhale kuti m'GDP ya dziko ndi kagawo kakang'ono. Mbali inayo, anthu 10 pa 100 amene amatulutsa mpweya woipa wambiri ndiwo amatulutsa pafupifupi theka la mpweya wonse wotenthetsa dziko, pamene theka la anthu lotulutsa mpweya wochepa limatulutsa pafupifupi 12 peresenti. Wowononga ndi wina, womva ululu ndi wina.

Palinso gulu lina losauka kuposa onse pa sikelo yathuyi: amene sanabadwe. Iwo alibe thumba n'komwe. Mukaphunzira zochepetsa mtengo wa zinthu za m'tsogolo pogwiritsa ntchito chiwongoladzanja, khalani tcheru, chifukwa kanambala kakang'onoko ndi kamene kamagamula mlandu wonse. Mu 2006 Nicholas Stern, m'lipoti lake la kusintha kwa nyengo, anagwiritsa ntchito 1.4 peresenti pa chaka, n'kunena kuti tichitepo kanthu mwamphamvu tsopano. William Nordhaus, amene anadzalandira mphoto ya Nobel mu 2018, ankagwiritsa ntchito oposa 4 peresenti, n'kunena kuti tiyambe pang'onopang'ono. Tengani chowerengera muyese nokha. Kuwonongeka kwa madola 100 kumene kudzachitike zaka 100 zikubwerazo, pa 1.4 peresenti kuli ngati madola 25 lero, pa 4 peresenti kuli ngati madola awiri. Anthu awiriwa sankasiyana kwenikweni pa za kutentha kwa dziko. Ankasiyana pa funso lakuti mdzukulu wa mdzukulu wathu alemere motani pomuyerekeza ndi ife. Frank Ramsey, amene anayambitsa masamu amenewa mu 1928, analemba yekha kuti kupeputsa chimwemwe cha obwera m'mbuyo chifukwa chongoti adzabwera mochedwa n'kosayenera pa chikumbumtima.

Apa mwaona kale chifukwa chake mnzanu wachiwiri uja sindingamuvomereze kwathunthu. Poyamba ndimupatse zake. Maganizo akewo ndi akale komanso olemekezeka: Arthur Pigou analemba mu 1920 kuti wowononga zinthu za anzake alipire msonkho wolingana ndi zimene wawononga. Sweden inaika msonkho pa mpweya woipa mu 1991, mpweyawo unatsika chuma chikukulabe. Costa Rica kuyambira 1997 imalipira eni malo kuti asunge nkhalango, ndalama zambiri zikuchokera pa msonkho wa mafuta a galimoto, ndipo pamodzi ndi lamulo la 1996 loletsa kugwetsa nkhalango, dziko limene m'ma 1980 linatsala ndi nkhalango pa gawo pafupifupi limodzi mwa anayi lero laposa theka. Ngakhale chiwerengero chongoyerekeza chimathandiza, chifukwa posalemba kanthu timakhala talemba ziro. Mu 1997 Robert Costanza ndi anzake anayerekeza kuti ntchito zimene chilengedwe chimatichitira ndi zokwana madola 33 thiliyoni pa chaka, pamene, malinga ndi kuwerengera kwawo, chuma chimene dziko lapansi linkapanga pa chaka chinali pafupifupi madola 18 thiliyoni. Ambiri anatsutsa kawerengedwe kawo, ndipo zifukwa zina zinali zomveka, koma anthu amene sankamva chilankhulo china kupatula cha ndalama anatchera khutu.

M'chinenero chathu mawu akuti mtengo amatanthauza chomera chija komanso ndalama yogulira chinthu, ndipo ndikamaphunzitsa mutu umenewu ndimakumbukira kuti ziwirizi si chimodzi. Mtengo wa ndalama umanena kuti chinthu chingasinthanitsidwe ndi china. Robert Solow analemba mu 1974 kuti ngati n'kosavuta kupeza cholowa m'malo mwa zinthu za m'chilengedwe, ndiye kuti dziko lingathe kukhala popanda izo. Nkhani yonse ili pa liwu lakuti ngati. Asodzi a ku Newfoundland, ku Canada, anali ndi sitima zamakono ndi maukonde aakulu kuposa kale, koma nsomba za mtundu wa cod zitatha, boma linatseka usodziwo mu 1992, anthu pafupifupi 30,000 n'kutaya ntchito, ndipo patapita zaka zoposa 30 nsombazo sizinabwerere mwakale. Sitima sizilowa m'malo mwa nsomba. Zinthu zamoyo sizitha mofanana chaka ndi chaka ngati makina. Zimaoneka ngati zilipobe, kenako zimagwa kamodzi, ndipo mtengo wa pa msika umadzidzimuka zitatha kale. Madzi akatayika saoleka. Pa zinthu zotere malire ayenera kuikidwa choyamba, potengera zimene asayansi apeza ndi zimene anthu agwirizana, kenako mitengo igwire ntchito mkati mwa malirewo.

Ndipo msonkho ngakhale wabwino, ukaikidwa osafunsa kuti ugwera ndani, sukhalitsa. Mu 2018 boma la France linkakweza msonkho wa mafuta a galimoto pofuna kuchepetsa mpweya woipa, litangochepetsa kumene msonkho wa pa chuma cha olemera. Anthu akumidzi ndi apantchito amene sangayende popanda galimoto anatuluka m'misewu atavala majaketi achikasu, ndipo boma linasiya kukwezako. Chilengedwe sichinapindule kanthu.

Buku lanu liyenera kuti likunenanso kuti chinthu cha onse chimawonongeka, monga analembera Garrett Hardin mu 1968, ndi kuti njira ndi ziwiri zokha: chigulitsidwe kwa munthu mmodzi kapena boma lichilande. Elinor Ostrom sanakhutire ndi nthano ya pa bolodi, anafufuza zimene zimachitikadi. Anapeza alimi othirira a ku Valencia ku Spain, asodzi a ku Alanya ku Turkey, ndi mudzi wa Törbel m'mapiri a ku Switzerland, umene lamulo lake la 1517 limati munthu asatumize ku msipu wa onse ng'ombe zoposa zimene angathe kudyetsa m'nyengo yozizira. Anthuwa ankasunga chuma cha onse ndi malamulo awoawo: akudziwa amene ali mkati ndi amene ali kunja, akulonderana, chilango chikuyamba chaching'ono. Ena anachita zimenezi kwa zaka mazanamazana. Ostrom sananene kuti zimatheka paliponse, analembanso za malo amene zinalephereka. Mu 2009 anakhala mayi woyamba kulandira mphoto ya Nobel pa zachuma. Phunziro lake limakhudza funso lanu mwachindunji, chifukwa nthawi zambiri kuika mtengo pa nkhalango kumayamba ndi kusankha mwini wake, ndipo amene ankaisunga popanda chikalata ndiwo amayamba kuthamangitsidwa.

Nthawi zina anthu amakana okha kuti chinthu chiyezedwe ndi ndalama. Mu 2007 boma la Ecuador linapempha mayiko kuti alipatse madola 3.6 biliyoni kuti lisapope mafuta pansi pa nkhalango ya Yasuní. Ndalama zimene zinabwera zinali zochepa kwambiri, ndipo mu 2013 ndondomekoyo inathetsedwa, kupopa n'kudzayamba. Mu August 2023 anthu a dzikolo anavota, ndipo pafupifupi 59 peresenti anati kupopako kuleke, akudziwa kuti dziko lawo litaya ndalama. Pa msika munthu amalemera molingana ndi thumba lake, pa voti aliyense amalemera mofanana, ndipo mayankho ake anasiyana.

Za mnzanu woyamba sinditalikitsa. Akanakhala kuti akunena zoona, mayina onse amene ndatchulawa akanachokera kuti? Kuznets, Pigou, Dasgupta, Piketty, Stern, onsewa ndi anthu a m'nyumba momwemo, ndipo anagwiritsa ntchito zida zomwe mukuphunzirazo. Amene anawerenga imfa za ku India zija anagwiritsa ntchito masamu amene mwina mukudandaula nawo chaka chino. Komanso musalole kuti wina akuuzeni kuti kukula kwa chuma n'kopanda pake. Anthu pafupifupi 800 miliyoni a ku China anatuluka mu umphawi wadzaoneni pa zaka 40, ndipo dziko limene ana akufa ndi matenda ochizika likufunika zipatala, magetsi ndi misewu yambiri kuposa imene lili nayo. Funso ndi lakuti chikukula n'chiyani, chikufika kwa yani, ndipo chikudya mpamba uti. Amartya Sen anaonetsa kuti pa njala ya ku Bengal ya 1943, imene inapha anthu mamiliyoni, chakudya sichinasowe kwenikweni, anthu ndi amene analibe mphamvu yochigula. Maganizo ake pamodzi ndi a Mahbub ul Haq ndi amene anabala muyeso wa chitukuko cha anthu wa United Nations mu 1990, umene umawerenga zaka za moyo ndi maphunziro pamodzi ndi ndalama.

Zinthu zikusuntha, ngakhale mabuku a m'kalasi amatsalira. Mu March 2021 United Nations inavomereza malamulo owerengera nkhalango, madambo ndi nyanja m'mabuku a chuma cha dziko. Boma la Britain, m'buku lake lotsogolera kuunika ntchito za boma, limalola kuti ndalama yopita kwa wosauka ipatsidwe kulemera koposa yopita kwa wolemera. Ophunzira ngati inu anali ndi gawo pa kusinthaku. Chuma cha dziko lapansi chitagwedezeka mu 2008, ophunzira a ku Manchester ndi kwina anayamba kufunsa chifukwa chake maphunziro awo sankafotokoza zimene zinkachitika kunja kwa windo, ndipo mu 2013 gulu la aphunzitsi lotsogozedwa ndi Wendy Carlin linayamba kulemba buku latsopano la CORE, limene limayamba ndi kusiyana kwa chuma ndi kusintha kwa nyengo m'mutu woyamba. Lili pa intaneti kwaulere, muziliwerenga pambali pa buku lanu.

Chimene ndingakupempheni kuchita ndi ichi. Tsiku limene mudzapatsidwe ntchito yoyerekeza phindu ndi zotayika za damu, mgodi kapena msewu, muichite bwinobwino monga mwaphunzitsidwira, kuti pasakhale wonena kuti mukutsutsa chifukwa masamu akukanikani. Mukamaliza, muichitenso kachiwiri. Lembani m'mphepete zinthu zonse zimene zapatsidwa ziro, ndi anthu amene amazidalira. Gawani opindula ndi otaya molingana ndi zimene amapeza, dola ya wosauka muipatse kulemera kawiri kapena katatu. Sinthani chiwongoladzanja chija kuchoka pa 5 kufika pa 2 peresenti. Ikani chizindikiro pa chilichonse chimene chikawonongeka sichingabwerere. Nthawi zina yankho lidzakhala lomwelo, ndipo mudzadziwa kuti ntchitoyo ndi yabwinodi. Nthawi zina lidzatembenuka. Mapepala onse awiri mukawapereke kwa aphunzitsi anu, muwafunse kuti ndi nambala iti imene yatembenuza yankholo, ndipo anaisankha ndani.